Tsiku Limene Ndinapereka Dzina la Achemwali

Ine ndine telala, ndipo pakamwa ndili napo. Pakhonde la golosale pomwe ndimasokera, pafupi ndi geti la esiteti ya tiyi, anthu amadziwa kuti sindigonja pa mkangano, kaya wa mpira kaya wa ndale. N'chifukwa chake nkhani iyi imandichititsa manyazi mpaka lero.

Ntchito yomwe inkandidyetsa inali ya maepuloni. Wothyola tiyi amalowa m'munda mame ali tho, ndipo dzuwa lisanakwere amakhala atanyowa kuyambira m'chiuno mpaka kumapazi. Ndiye ndinkatolera matumba a feteleza otha ntchito, kuwachapa, kuwang'amba, n'kusoka maepuloni a zingwe ziwiri. Dzina la kampani ya fetelezayo linkatsalira pamimba pa munthu, zilembo zikuluzikulu zobiriwira. Ndani ankalabadira zimenezo?

Tsiku lina panaima galimoto yoyera. Munatuluka bambo wa tayi, envelopu ili m'manja. Anati watumidwa ndi maloya a kampani ija ku Limbe. Akuti wina anajambula amayi akuthyola tiyi atavala maepuloni anga, chithunzi chinayenda m'mafoni, eni kampani n'kukwiya kuti dzina lawo likunyozeka. Kalatayo, ya Chingerezi chokhachokha, inkanena za khoti ndi za kulanda makina.

"Mwini bizinesi ino ndani?" anafunsa akutulutsa cholembera.

Abale inu! M'maganizo ndinaona makina anga akukwezedwa pagalimoto, ndinadziona nditaima m'kabokosi ka kukhoti, a kumpingo akundiyang'ana. Pakamwa panga paja panayankha pokha.

"Ine ndine waganyu chabe, bwana. Eni ake ndi achemwali anga."

Ndinatchula dzina lawo lonse, ndi mudzi womwe. Ndinachita kumuthandiza kalembedwe kake.

Achemwali angawo ndi aakulu kwa ine, mayi wamasiye wa ana anayi, wothyola tiyi pa esiteti yomweyo. Sukulu analekezera sitandade fili. Makina osokera sanawagwirepo chibadwire. Ndinadzinamiza kuti maloya sangalimbane ndi mayi wosauka, nkhani ingozizira yokha. Sindinawauze kanthu.

Patatha masabata awiri kalata yachiwiri inawapeza kuntchito, pa sikelo yoyezera tiyi, pamaso pa akapitawo ndi anzawo onse. Ataweruka anabwera pakhonde panga, dengu likadali kumsana.

"Iwe, tandiwerengera ichi."

Ndinawawerengera. Ankawaitana ku ofesi ya maloya Lachisanu kuti akasaine kuti analakwa, apereke makina, apo ayi akaonana kukhoti. Ndinadikira kuti andifunse kuti dzina lawo lafikako bwanji. Sanafunse. Anangong'ung'udza m'Chilomwe, kenako anati, "Lachisanu uvale malaya abwino. Ukandimasulira."

Lachisanulo sitinalunjike ku Limbe. Tinatsika pa Boma, iwo patsogolo, ine pambuyo ngati mbuzi ya pachingwe, mpaka kukhoti. Anafunsa akalaliki ngati pali mlandu wa dzina lawo. Akalaliki anafufuza m'mabuku, anati palibe, ndipo anawafotokozera kuti kalata ya loya si chisamani, komanso palibe angakulande katundu khoti lisanagamule. Ine wa fomu folo, zokafunsa kumeneko sindinaziganize n'komwe.

Ku Limbe anatikhazika pa mipando yofewa. Loya wake anali munthu waulemu ndithu. Anakankhira pepala kwa achemwali, iwo n'kulikankhira kwa iye.

"Uwauze kuti thumba munthu amagula pamodzi ndi feteleza wake," anatero kwa ine. "Kapena amatibwereka? Ngati akuwafuna matumbawo azibwera kudzatolera okha m'midzimu. Uwauzenso kuti kukhoti tachokerako. Tsiku akalipeza andiuze, ndidzabwera ndi onse ovala matumbawo."

Ndinamasulira, koma ndikufewetsa, ndikuthiramo "pepani" amene iwo sananene. Loyayo anamwetulira, anandiuza kuti ndisavutike, Chichewa amachimva bwinobwino. Ha! Ndinasowa pobisa nkhope. Loyayo anatuluka kukaimba foni, ndipo pobwera anati nkhani ithe, bola posoka zilembo zija zizikhala mkati. Achemwali anati zimenezo n'zosavuta, koma kusaina ayi. Ndipo sanasainedi.

Tili m'minibasi pobwerera, minda ya tiyi inayamba kuoneka m'mbali mwa msewu. Tsiku la ntchito la achemwali linali litapita, pomwe akapitawo anali atawachenjeza kale kuti za makalata a maloya pa esiteti sazifuna. Ndinayesa kuyamba.

"Achemwali, zija za dzina..."

"Ndinadziwa tsiku lomwe unandiwerengera kalata lija," anatero, maso ali pawindo. "Za dzina sizikundiwawa ine. Ndinakubereka kumsana iwe. Ukanabwera kudzandiuza kuti ukuopa, dzinalo ndikanawapatsa ndekha."