Mutu wa Sitandi pa Ukwati wa Mwana Wanga

Ine zithunzi ndinayamba kujambula Cairo Road isanadzale maminibasi. Funsani aliyense ku Kabwata. Maukwati, malilo, zithunzi za pa leji, chitupa chija cha boma, zonse ndi manja awa, popanda sitandi. Koma chaka chimene mwana wanga wamkazi anakwatiwa, manja anali atayamba kunjenjemela.

Khadi sinandifike. Amayi ake ndinawasiya iye ali giledi fili, n'kupita kwa mkazi wina ku Chelstone, ndiye womupeleka m'tchalitchi anali amalume ake. Za tsiku ndi malo ndinamva kwa telala wa pamsika amene anasoka madilesi a opelekeza. Sindinakwiye. Ndinangoti chabwino, ndikaima tsidya lina la msewu kutchalitchi cha ku Woodlands komweko, ndimujambule akutuluka. Nkhope yake, chithunzi chimodzi, basi.

Mnzanga wojambula mpila anandibweleka lenzi yaitali ngati mkono, yolemela ngati njelwa ziwili, ndi sitandi ya miyendo itatu yopanda mutu. Mutu, uja umagwila kamela pamwamba pa miyendo, ndinakaufuna pashopu ina ku Northmead.

Mayi wa pashopupo anatulutsa iwili. Wina waung'ono wa kampila mkati: umamasula sikulu imodzi, kamela n'kutembenukila kulikonse. Wina chichitsulo chokhota ngati chikwakwa, lenzi imalendewela pamenepo ngati pa katungwe. Anati dzina lake gimbo.

"Ba mudala, lenzi imeneyo tengani gimbo. Mukailinganiza pakati, olo muitaye manja siigwa. Pa kampilaka mukangomasula, iwelama. Bweletsani ndikuonetseni."

"Mayi, ine ndinayamba kujambula inu musanabadwe!" Ndinakuwa mpaka mlonda anasuzumila pakhomo. "Chitsulo icho n'cha azungu ojambula mbalame."

"Nanga wanuyo amene mukukamujambula adzangoima ngati chipilala?"

Sindinamuuze kuti ndani. Kulinganizako sindinkakudziwa, ndipo kuphunzitsidwa mlonda akuonela sindikanalola. Ndinatenga wa kampila.

Loweluka ndinafika mmawa, n'kuimika sitandi pansi pa mtengo wa jakalanda, pafupi ndi mayi wogulitsa mafilitasi, timandasi tija. Ndinaloza lenzi pachitseko chachikulu cha tchalitchi, n'kumanga sikulu mpaka zala kuwawa. Chitseko chinaoneka pafupi, misomali yake ndimaiwelenga. Ndinadikila. Kwaya inaimba nyimbo zambili.

Mwana wanga sanatulukile pamenepo. Anatulukila chitseko cha m'mbali, kulowela pakapinga. Ndinamasula sikulu kuti ndimutsatile. Lenzi inangoti khu! kuwelamila pansi, n'kunditsina chala pachitsulo. Ndinadina batani momwemo katatu. Pamene ndimaidzutsa, azimayi a zitenge zofanana anali atamuzungulila kale ndi nthungululu zawo. Ndinaona mitu ya anthu, kenaka galimoto ya maliboni ikukhota pageti.

Zithunzi zitatu. Choyamba phula. Chachiwili tayala. Chachitatu mpendelo wa dilesi loyela pakapinga, ndi nsapato zakuda za amalume ake, zopukutidwa bwino.

Mayi wa mafilitasi anandipatsa kapepala kokulungila chala.

"Ni ba bululu banu, ba mudala?" Amafunsa ngati akwatiwo ndi abale anga.

"Ntchito chabe," ndinatelo.

Lenzi ndinabweza masana omwewo. Mnzanga uja anafunsa ngati zatuluka, ndinati zatuluka. Ndinakwela minibasi ya ku Kabwata, mpando wakumbuyo. Kunyumba ndinatsuka chala ndi madzi a mchele, n'kuyatsa wailesi. Amanena za mtengo wa feteleza. Ndinamvela mpaka anamaliza.