Zikhomo za M'munda mwa Amayi

Ine ndimanenerera ngakhale singano, koma lero pa Bangula fungo la chimanga chootcha landichititsa kugula osafunsa mtengo. Landibwezera kumunda kwathu, komwe pano kuli mashopu.

Tsiku lina ndili mwana, amuna ena oyeza malo anabwera m'mawa, nakhoma zikhomo pakati pa mbewu.

"Kamunda aka n'kochepa, mayi," anatero mkulu wawo. "Mumapindulapo chiyani?"

Amunawo atachoka, amayi anandituma kukazula zikhomo zonse, nazisonkhera moto.

Masana amuna aja anabwerera. Ine, dolo wa leroyu, ndinabisala kuseri kwa chitenje cha amayi.

"Zikhomo zathu zili kuti?"

Amayi anaphula chimanga pamakala, nampatsa mkulu uja.

"Idyani, bambo, phindu lija ndi limeneli. Nkhuni zanuzi zauma bwino. Mawa mubwere nazo zina."