Duwa la pa Lupsa la Amayi Adelina

Mundikhululukire inu owerenga, pakuti sindinalembepo kanthu koti anthu awerenge, ndipo mwina ndilakwitsa pena. Koma za Amayi Adelina a kuno ku Sinda ndalephera kukhala nazo chete.

Iwo anabwera kuno m'chaka cha 1921, ngati sindikulakwa, atatengedwa chitengwa ndi Aphunzitsi Filimoni a sukulu ya mishoni. Kwawo ndi kumapiri a ku Vubwi. Pobwera anamanga m'nsalu tizinthu titatu tonga anyezi, timene anakumba kuphiri kwawoko. Anati ndi duwa lofiira lotuluka mvula isanagwe, ndipo akamaliona mtima udzakhala pansi pamudzi pa eni.

Atabzala kuseri kwa nyumba, mnansi wawo Rebecca anaseka. "Kodi aNambewe, ndiwo zanuzi tidzathira nsinjiro kapena mchere wokha?"

"Mudzadya ndi maso, amnzanga," anayankha Adelina.

Tsono iwo anali ataona Adona a kumishoni akuthirira maluwa m'mawa uliwonse, nayesa kuti duwa lililonse limatero. Chilimwe chonse anasenza mtsuko kuchokera kuchitsime, kutalitali, osaphonya tsiku. Maluwa awiri anaola. Duwa lachitatulo analeka kulithirira chifukwa cha mantha, koma silinaonetse moyo, ndipo pamalopo panangokhala dothi louma gwa.

Tsiku lina Aphunzitsi anasasula udzu wakale wa padenga, naunjika pomwepo, nautentha. Adelina pochokera kumunda anapeza phulusa lokhalokha.

"Bambo, mwanditenthera kwathu!"

"Pepani mayi, ine ndimayesa ndi padzala," anatero Aphunzitsi, chipewa chili m'manja.

Masiku angapo ndiwo za Aphunzitsi zinkachepa mchere. Kenaka m'mawa wina, Adelina akusesa, anaona chinthu chofiira psuu, chozungulira ngati nkhonya, chitaima pakati pa phulusa, tsamba ndi limodzi lomwe ayi. Anakhala pansi naseka mpaka misozi. Apo ndi pamene anakumbukira kuti kwawo duwali limatuluka pa lupsa, moto wa m'tchire utadutsa, ndipo palibe amene amalithirira.

Lero maluwawo aberekana mpaka kufika kunkhokwe. Rebecca yemwe uja anapempha awiri, ati ndi a mwana wake.

Ine pakhomo panga ndimasesa mpaka osatsala kanthu komera. Chilimwe chino ndikapempha limodzi kwa Amayi Adelina, ndipo mtsuko ndidzausiya m'nyumba.