Maliro a Tadala Analibe Woimbira

Ndinadzuka tambala asanalire kachiwiri, miyendo itachita dzanzi ndi chisanu cha Juni. Pasiwa panali zii. Kwathu kuno maliro sagona chete, koma maliro a mng'ono wanga Tadala anagona opanda nyimbo.

Amayi akhala akuimbira maliro a m'mudzi muno kuyambira ine ndili kumsana. Dzulo lake akatekisiti anabwera, chipewa m'manja, kudzanena kuti poti mwanayo anabatizidwanso kumtsinje ndi gulu la mapemphero la ku yunivesite, mpingo sungamuimbire kapena kumunyamulira mtanda. Amayi anapempha nyimbo imodzi yokha. Anawayankha kuti lamulo ndi lamulo.

Kutacha, nkhungu inaphimba phiri lonse. Azimayi a mphakati wa mpingo wathu anabwera ndithu, atavala zitenje wamba, n'kukoleza moto kuseri kwa nkhokwe. Nkhuni anatola, madzi anatunga, koma pakamwa anatseka. Amenewo sindiwada kwambiri. Amene ndimawada, a gulu la mapemphero aja, anafika dzuwa lili pamutu, pa minibasi yochokera ku Lilongwe, atavala malaya oyera.

Tadala anali ndi matenda a shuga kuyambira ku pulayimale. Poti firiji tilibe, amayi ankasunga timabotolo ta jakisoni wake mumtsuko wa mchenga wonyowa. Mtsuko umenewo ndi umene unamufikitsa ku yunivesite, woyamba m'banja mwathu. Kumeneko anzake anamuphunzitsa kuti wokhulupirira sadzibaya jakisoni. Pafoni ankamveka wosangalala kuposa kale. "Asisi, tsopano ndili ndi chiyembekezo," ankatero. Ine ndinkathokoza Mulungu, osadziwa kanthu.

Mtsogoleri wa gululo, mnyamata woti ndevu sizinamere n'komwe, anaima pakhomo Baibulo m'mwamba.

"Sanafe ameneyu, wangogona. Titsegulireni bokosi tipemphere."

"Munapemphera kale, ana inu," anatero amalume. "Zipatso zake ndi izi zili m'nyumbamu. Khalani pansi."

Anakhaladi pansi, ndipo chakudya chitabwera anadya bwino ndithu.

Popita kumanda kunayamba mawawa. Adzukulu ananyamula bokosi kudutsa m'minda ya kachewere, matope akukakamira ku nsapato. Ophunzira aja anayambitsa nyimbo zawo za Chingerezi, koma panalibe wozilandira, mpaka anazisiya. Bokosi likutsika, amayi anayamba nyimbo ya mpingo. Anzawo a kwaya anayang'ana pansi, akufinya makolona m'manja. Amayi anaimba okha ndime zonse mpaka kumapeto. Mkwiyo umene ndinamva pamenepo sunandichokebe.

Minibasi isananyamuke, mtsikana amene Tadala ankagona naye chipinda chimodzi anandipatsa chikwama cha Tadala, osandiyang'ana kumaso.

Madzulo anthu atabalalika, m'nyumba munangotsala fungo la utsi ndi mphasa zopinda. Ine ndi amayi tinatsegula chikwamacho. Pansi pa zovala panali timabotolo tija, todzaza, tosatsegula n'komwe. Amayi anadzuka, n'kukathira madzi pa mchenga wouma wa mumtsuko uja, kenako anaikamo timabotoloto bwinobwino kuti tisawonongeke.