Gemu ya Jailosi

Mpaka lero, ndikamva fungo la nyemba za kalongonda zili pamoto, mphuno zanga zimayamba zokha kufunafuna fungo lina, la asidi wa batire la galimoto, ndipo ndisanazindikire ndimakhala ndikuwaona Amake Jailosi ali pakhonde, atatsamira khoma, atatambalala, akusonkhezera moto ndi zitsa za tiyi, utsi ukuwalowa m'maso iwo osasuntha. Tinkakhala nawo moyandikana m'nyumba za kampani, pa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Limbuli. Khoma limodzi linkagawa mabanja awiri, moti munthu akatsokomola kwawo, ife kwathu tinkadziwa kuti chifuwa chalowa. Ankathyola tiyi ngati amayi anga, koma iwo anali okulirapo, aafupi, a zala zakuda ndi zong'alukang'aluka, ndipo tikawaputa Chichewa chinkawathawa n'kuyamba kutikalipira m'Chilomwe.

Mwana wawo anali mmodzi yekha, Jailosi, mnyamata wamtali wokonda kuimba mluzu, amene ankaolotsa matumba a chimanga panjinga kuchokera kutsidya, ku Mozambique. Tsiku lina anabwera atamangirira katoni pakaliyala, ndipo m'katonimo munali chinthu chimene m'nyumba zonse za kampani munalibe wina anali atachionapo: gemu yolumikiza ku TV. Kanali kabokosi ka pulasitiki kotuwa, kopepuka ngati mulibe kanthu, kokhala ndi mapadi awiri a zingwe ogwira m'manja posewera ndi katepi kachikasu kolowetsa pamwamba. Magetsi kunalibe. Jailosi anapeza batire lakale la galimoto ndi ka TV kakang'ono koonetsa zakuda ndi zoyera zokha, ndipo kuyambira pamenepo ana tonse a pamzerewo tinasamukira pawindo la nyumba yawo. Sankatilola kugwira. Ankati manja athu ngamamina.

M'gemumo munali kamunthu kothamanga, kodumpha maenje ndi tizilombo, kanyimbo kakulira kumbuyo ngati wina akuimba ndi mphuno. Jailosi ankadutsa monse bwinobwino mpaka kufika paphanga lina la moto, pamene pankafunika kudumphira pakathabwa koyendayenda. Pamenepo ankagwa. Tsiku ndi tsiku ankagwa pomwepo, gemu n'kulira kanyimbo kake ka imfa, iye n'kumenya ntchafu n'kukuwa kuti, "Aaa, ndafanso!" Ndiye amayi ake ali panja, osacheuka n'komwe, ankayankha kuti, "Ufa kangati iwe? Tuluka udzadye."

Jailosi anapita ndi madzi m'dzinja lina. Mvula inagwa kuphiri, kuno kuchigwa kuli dzuwa, ndipo mtsinje wa Ruo unadzaza mwadzidzidzi iye ali pakati, njinga ali nayo paphewa. Njingayo anaipeza itakodwa m'mabango. Mwini wake anamufuna mpaka anthu anatopa. Akuluakulu anati maliro sangakhale osaikidwa, ndiye anadula thunthu la nthochi, n'kulikulunga m'nsalu, n'kukaika kumanda ndi nyimbo zonse. Amake Jailosi anapita nawo, koma misozi sinatuluke, ndipo litafika tsiku lometa anamanga duku lawo zolimba.

"Ndimete chifukwa cha nthochi?" anafunsa choncho. "Mundibweretsere mwana wanga ndimuone, ndiye ndimeta."

Anthu anayesa kuwanyengerera, kenako anawasiya.

Patapita miyezi, Loweruka lina titaweruka kusewera, Amake Jailosi anatiitana ana tonse. Anatitsegulira chitseko, n'kutiloza gemu ija ili pamalo pake, itafundidwa kansalu koluka, n'kuti tiyatse. Ife tinati tatola nkhwangwa ndi mpini womwe. Malamulo anali awiri okha: mawu a TV akwezedwe mpaka kumapeto, ndipo wina asawaitane kuti adzaonere. Iwo ankakhala panja, kuseri kwa khoma, akuphika kalongonda wawo amene kuphika kwake kumadya tsiku lathunthu, kuwiritsa, kutaya madzi, kuwiritsanso. Wosewera akagwa paphanga la moto lija, kanyimbo ka imfa kakangolira, mawu ankachokera panja: "Ufa kangati iwe? Tuluka udzadye." Ndipo tinkatulukadi, kukadya kalongonda wothira mchere ndi tsabola, tikukangana kuti wotsatira kusewera ndani.

Batire likatha ankalisenza okha pamutu kukalitchajitsa ku Limbuli, ulendo wa wapansi, atachoka kale kumunda kumene anayenda ndi dengu kumsana kuyambira m'mamawa. Asidi ankadontha n'kudya nkhata, n'kudya chitenje, moti nsalu zawo zonse zinali ndi timabowo ngati zadyedwa ndi njenjete. Pakhosi anali ndi zipsera. Azimayi anzawo ankati, "Inu, mudzifera ana a eni?" Iwo ankangoti, "Mutu ngwanga."

Gemu imene ija ndinaikonda kuposa chilichonse chimene ndinali nacho, ndipo sindikuchita manyazi kunena. Ndinkakonda mmene katepi kankakanira kugwira mpaka uchite kukatulutsa, kukauzira mpweya m'kati, kukapukuta pamalaya n'kukabwezera mopemphera. Ndinkakonda padi yachiwiri imene batani lake linalowa m'kati ndipo tinkalitokosa ndi kamtengo ka machesi. Ndinkakonda ngakhale mmene chithunzi chinkafupikira batire likamatha, kamunthu kaja n'kumachepa, kumachepa, ife tikukuwa kuti fulumira. Chala changa chachikulu chinachita thuza mpaka chinauma. Achimwene anga a Lameki ndi anzawo ankati gemu si ya atsikana, ndipite ndikatsuke mbale. Ndinkapitadi kukatsuka, kenako n'kubwera kudzawachititsa manyazi mmodzimmodzi. Ndinali mwana wamakani, ndipo makaniwo ndikadali nawo.

Koma phanga la moto linkatikanika tonse. Ine linkandisowetsa mtendere. M'kalasi aphunzitsi akulemba samu pabolodi, ine ndinkawerengera kayendedwe ka kathabwa kaja. Ndinadzazindikira kuti tonse tinkagwa chifukwa cha phuma: kathabwako kakafika pafupi tinkadumpha, pamene kankafunika kukasiya kapite, n'kukadikira ulendo wachiwiri.

Loweruka limenelo kunali kachisanu, chifunga chitaphimba phiri, utsi wa pakhonde ukulowera pawindo. Itafika nthawi yanga ndinadikira, ndinasiya kathabwa kapite, kanabwerera, ndinadumpha. Kamunthu kanatera. Ndinadumphanso, ndipo ndinali kutsidya. M'nyumba monse munaphulika phokoso, a Lameki omwe aja anandinyamula m'mwamba, ndipo TV inayamba kuimba nyimbo ina, yatsopano, yofulumira, imene panalibe anaimvapo m'nyumba imeneyo.

Chitseko chinatseguka. Amake Jailosi analowa, koyamba chiyambire kutiitana, manja akudontha madzi.

"Akusewera ndani?"

"Ndine, agogo."

"Nyimbo imeneyi njachiyani?"

"Ndadutsa, agogo! Paja ankagwa a Jailosi paja, ine ndadutsapo!"

Ndinanena ndikuseka, ndikudikira kuti andiyamikire. Anayang'ana TV ija nthawi yaitali, ngati akuona mlendo amene walowa m'nyumba osaodira. Kenako anawerama n'kuzula waya kubatire, chithunzi n'kuzima.

"Pitani kwanu," anatero, motsitsa mawu. Kalongonda sitinadye tsiku limenelo.

Ine ndinakwiya. Ndinauza amayi anga kuti agogo aja nganjiru. Tinali pampopi m'mawa mwake, ndowa zili pamzere, ndipo amayi anandiyang'ana mmene ankayang'anira munthu wamkulu akalankhula zachibwana.

"Iwe Edina, umaganiza kuti batire lija amasenzera iwe?" anandifunsa. "Akakhala kuseri kwa khoma lija samva inu. Amamva mwana wawo ali m'nyumba. Nyimbo zonse zija amazidziwa pamtima, amadziwa pamene akudumpha, pamene akugwa. Dzulo wawaimbira nyimbo imene Jailosi sanaimbepo."

Ndowa yanga inadzaza mpaka kusefukira ine ndili chiimire. Ndinachita mantha, mantha enieni, ngati ndaswa chinthu cha eni chimene sichigulitsidwa kumsika.

Masabata anadutsa osatiitana. Kuseri kwa khoma kunali zii, ngakhale chifuwa chawo sitinkachimva. Anyamata anapeza kwina kopita, kunali kutatsegulidwa nyumba yoonetsa mafilimu kumsika. Kenako tsiku lina ndinawaona akubwera ndi batire pamutu, ndipo atatula anandiitana ine ndekha.

"Kayatse."

Ndinalowa, ndinauzira katepi, ndinakweza mawu. Ndinasewera mosamala, ndikumva kuseri kwa khoma akuthyola nkhuni. Nditafika paphanga la moto ndinadziwa chochita. Kathabwa katayandikira, ndinangoyendetsa kamunthu kaja n'kukagwetsera m'moto. Kanyimbo ka imfa kanalira. Ndinadikira mawu aja, padi ili m'manja.

Sanabwere. M'malo mwake ndinamva akundiitana ndi dzina langa, ndipo nditatuluka ndinawapeza akuyang'ana moto.

"Wadzigwetsa dala," anatero.

"Ayi, agogo, ndaphonya."

"Usandinamize, mwanawe. Makutu ndili nawo. Jailosi sankagwa choncho. Ankalimbana, ankadumpha mpaka kawiri, ndinkachita kumva batani likulira. Iwe wangoyenda n'kugwa." Anatokosa moto ndi kamtengo. "Wandimvera chisoni. Zikomo. Koma m'nyumbamo mulibe munthu."

Ndinalira, ndinawapempha kuti ndiyesenso, kuti ndigwa bwino, ndigwa ngati a Jailosi. Anandisisita kumutu ndi dzanja lawo lokhakhala lija n'kundiuza kuti ndizipita.

M'mawa mwake anabwera kwathu ndi lezala yatsopano, anakhala pansi pakhomo, anamasula duku, n'kuuza amayi anga kuti awamete. Tsitsi linali litachita imvi, lopotana, losapesedwa chiyambire maliro aja. Lezala itangodutsa kamodzi, anakuwa. Kulira kumene kuja sindinakumveponso kwina, kunachokera pansi penipeni, m'Chilomwe, dzina la Jailosi lokha ndi limene ndinkalimva. Azimayi anathamanga kuchokera m'nyumba zonse akufunsa kuti wamwalira ndani, ndipo atamva anangokhala pansi n'kuyamba kulira nawo, maliro a munthu amene manda ake anali atamera kale udzu.

Akuluakulu anati zakhala bwino, tsopano mtima wawo ukhala pansi. Ine ndinali kuseri kwa khoma ndipo ndikunena kuti sunakhale pansi. Unangozima. Anasiya kuphika kalongonda, anasiya kutikalipira, ngakhale titathyola tsabola wawo. Kumunda dengu lawo linayamba kupepuka pasikelo, akapitawo n'kumadandaula, ndipo isanathe nyengo yotsatira anasiya ntchito. Nyumba ya kampani sukhalamo ngati suli pantchito. Abale awo a kutsidya anabwera ndi njinga ziwiri kudzawatenga, ndipo katundu wawo yense anakwana pamenepo. TV ndi batire anasiyira a Lameki. Gemu anaikulunga m'chitenje n'kundipatsa ine m'manja.

"Mwini wake ndiwe," anatero. "Ukafike kumene ikuthera."

Sindinawaonenso. Patapita zaka, munthu wina wa njinga anauza amayi kuti anamwalira konko. Mudzi wake sindiudziwa, manda ake sindiwadziwa.

Gemu ija sindinaiyatse. Inayenda nane m'sutikesi kusukulu, kubanja, mpaka pano ku Chonde pamene ndimagulitsa zovala za kaunjika. Ana anga atayiona anaseka mpaka kugwa, akuti amayi ankasewera zachikale, poti iwo magemu awo ali m'foni, amitundumitundu, ndipo ukafa umangopitiriza pomwe unagwera. Chaka chatha ndinapita nayo kwa mnyamata wokonza mawailesi kumsika. Anaitsegula, anawotcherera tiwaya, anati mwina igwira. Ndinadikira Lamulungu masana ana atapita kumpira, ndinatseka chitseko, ndinauzira katepi, ndipo kanyimbo kaja katangoyamba ndinakhala pansi pasimenti.

Zala zinali zisanaiwale. Ndinadutsa phanga la moto ulendo woyamba womwe. Kutsogolo kwake kunali maenje ena, tizilombo tomwe tija, kenako kachitseko. Ndinalowa. Panatuluka mawu angapo achingerezi oyamikira wosewera, anakhala pang'ono, n'kuzimiririka, ndipo kamunthu kaja kanabwerera poyambira penipeni, kuti kayambenso kuthamanga.

Basi. Kutsidya kwa phanga kunalibe china. Ndinakhala pamenepo, mayi wamkulu wa ana atatu, ndikulira mpaka mawu anauma, chifukwa ndinaona ndi maso anga chimene ndinasinthanitsa ndi mwana wa Amake Jailosi. Anandituma kuti ndikafike kumene ikuthera, ndipo ndafika, koma ndilibe woti ndikamuuze kuti kulibe kanthu.