Wina M'banja Akusewera

Mng'ono wanga ali pantchito ku Tete anagula masewera ambiri a pa komputadori, n'kuwasunga pamodzi pa intaneti m'dzina lake. Kumene anagulako amalola mwini wake kulowetsa achibale angapo, aliyense n'kumasewera pa komputadori yake kulikonse kumene ali. Anandilowetsa ine mkulu wake, mphunzitsi wa kuno ku Chifunde, analowetsanso alamu athu a ku Mualadzi, amuna a mlongo wathu wamkulu. Alamuwo sanapemphe. Anangoima kumbuyo kwa mng'ono wangayo tsiku la Natale, pa Khirisimasi, n'kumapukusa mutu kuti zinthu zilipo padziko, mpaka mwini wake anachita manyazi n'kuwalemba.

Panali lamulo limodzi limene sitinalilabadire poyamba. Sewero limodzi silitsegulidwa ndi anthu awiri nthawi imodzi. Wina akalowa, ena onse amadikira, ngakhale mwini wake amene anagula.

Patapita chaka impso zinamubweza mng'ono wanga kumudzi. Ndinamutengera kunyumba kwanga chifukwa ili pafupi ndi chipatala. Miyendo inatupa, m'mawa ankasanza, dzuwa likapendeka msana unkamugwira. Nthawi yake yabwino inali masana okha, maola awiri kapena atatu, ndipo ndi nthawi yomwenso bateriya ya painelo ya dzuwa inkakhala itadzaza. Ndikaweruka ku sikola ndinkamutsamiritsa ku khoma, n'kumuikira komputadori pa thabwa.

Ankakonda sewero la ulimi. Ndinkamuseka kuti munthu amene anathawa khasu la amayi ali ndi mphamvu zake wayamba kulima tsopano atagona. Koma anali atalimadi. Anali ndi munda waukulu wa chimanga, thirakitale yofiira ndi nkhokwe ziwiri, ndipo chimangacho chinali chitayamba ngaiyaye. M'seweromo masiku amayenda pokhapokha munthu akusewera. Iye anawerengetsa kuti akapeza masana khumi akolola, ndipo ankazinena ngati munthu amene wapeza chodzukira m'mawa.

Masana khumiwo sanawapeze. Akangotsegula pankabwera mawu a Chipwitikizi akuti wina m'banja akusewera, ndipo pambali pake pankaoneka dzina la alamu. Alamu athu ali ndi kabanka kogulitsiramo mchere, sopo ndi mafuta, ndipo masana kulibe ogula. Mwa masewera onse aja, a magalimoto, a mpira, a nkhondo, iwo anasankha la ulimi lomwelo, n'kutsegula munda wawo. Bambo wamkulu, katekista wolemekezeka, wa munda weniweni umene mlongo wanga ankapalira yekha, ankakhalira chimanga cha pagalasi kuyambira masana mpaka kulira kwa belu la kutchalitchi. Tinayesa kuzimitsa intaneti, sewerolo linakana kutseguka. Kugula lina sizikanatheka, khadi la kubanki la mng'ono wanga linali litatha ntchito.

Ndinamuuza kuti awachotse, popeza mwini yekha ndiye amachotsa munthu, ndipo ndi nkhani yongodina kamodzi. Anakana. Anati ife tikadina kuno, amene akadye mawu owawa ku Mualadzi ndi mlongo wathu. Ndinaimbira mlongoyo. Anaseka kaseko kopanda mano, nati awauza akapeza mpata wabwino. Mpata wabwinowo sunapezeke, ndipo mng'ono wanga ankangoyang'ana mawu aja mpaka msana utayamba, kenako n'kundiuza kuti ndichotse thabwa.

Loweruka lina ndinakwera mota, njinga yamoto, kupita ku Mualadzi, ulendo wondiphwanya m'chiuno. Ndinawapeza alamu m'kabanka mwawo, komputadori ili pa thumba la mchere, anthu awiri atakhala pa benchi kuonerera. Ndinapereka moni wonse, ndinafunsa za ana, za mvula, za parokiya. Kenako ndinapempha, manja ali pamodzi, kuti masana okha azimusiyira wodwala. Iwo sanachotse maso pagalasi. Ankandiyankha akukhotetsa thirakitale.

"Alamu, mwayenda mtunda wonsewu chifukwa cha jogo, sewero chabe? Wodwala amafunika kupumula ndi kupemphera, osati zoseweretsa. Ine ndimamutchula m'mapemphero tsiku ndi tsiku."

Ndinanyansidwa. Ndinawauza kuti zoseweretsazo ndi zake, ndipo kuti chiyambire kudwala sanapondeko pakhomo panga kudzamuona, koma dzina lawo lokha ndilo limabwera masana aliwonse. Anthu a pa benchi aja anayang'ana pansi, mmodzi n'kutsokomola.

Pamenepo ndiye ndinalakwa, malinga ndi kwathu. Dandaulo la kwa mwamuna wa mlongo wako silipita molunjika, limadzera kwa ankhoswe, ndipo nkhoswe ya ukwati umenewo ndi atsibweni athu. Ine ndinawalumpha, n'kukanyoza mkamwini pakhomo pake, pamaso pa ogula ake. Sabata isanathe atsibweni anafika panjinga, amayi anaitanidwa, alamu anabwera atavala malaya oyera. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, mapazi khumi kuchokera pa zenera la wodwala, ndipo anangosuzumira pakhomo n'kunena kuti pepani, osalowa.

Mlanduwo unatenga masana onse. Palibe amene anafunsa kuti masewerawo ndi a yani. Atsibweni anati sakudziwa za makomputadori, koma akudziwa za ulemu. Amayi, amene anavutika nafe ku Malawi nthawi ya nkhondo ndipo amaopa mkangano kuposa njala, anandipempha ndi maso kuti nditseke pakamwa. Chigamulo chinali chakuti ndipepese ndi nkhuku. Ndinagwira tambala wanga, amene ndinkasungira msuzi wa wodwala, n'kumupereka ndi manja awiri. Alamu anamuyeza kulemera kwake m'manja, nati iwo alibe mangawa ndi munthu.

Nditalowa m'nyumba ndinapeza mng'ono wanga ali maso. Anali atamva zonse, ndipo chodabwitsa anali akumwetulira. Popeza alamu anali panja pa mlandu, sewero linali lopanda munthu, ndipo iye anadzikoka yekha n'kutsegula. Anasewera masana onsewo. Chimanga chinali chitayamba kuuma.

"Mano, muziwanyoza sabata iliyonse," anatero, akundiitana monga timaitanira mkulu wathu m'Chipwitikizi. "Nkhuku zikatha tigula zina."

Ndinaseka naye. Aka kanali komaliza kuti alowe m'munda mwake. Lolemba dzina la alamu linabwerera pamalo pake, lisanakwane ngakhale ola la chakudya. Iye anasiya kundipempha thabwa. Patapita milungu itatu tinamutengera ku Tete, ndipo tinabwera naye m'bokosi.

Pamaliro alamu ndiwo anatsogolera nyimbo. Mawu ali nawo, zimenezo sindingawamane. Anayankhula za mtima wopatsa wa malemu, azimayi ambiri analira, ine ndinkangoyang'ana nsapato zawo zopukutidwa bwino.

Tsiku lachitatu, anthu atayamba kumwazikana, mlongo wanga anandipeza kuseri kwa nyumba. Anagwada, chinthu chimene sanandichitirepo, popeza ndine wamng'ono kwa iye. Anati bambo a kunyumba akuda nkhawa kuti mwini wake poti wapita, masewera aja angatsekedwe, ndiye akupempha senya, mawu achinsinsi aja olowera m'dzina la malemu. Sanandiyang'ane. Manja ake anali ong'ambika ndi khasu, ndipo ndinadziwa kuti akabwerera wopanda kanthu sakagona mwamtendere. Ndinang'amba pepala m'kope la ana a sikola n'kulemba. Mpaka lero ndimadzinyansa ndikakumbuka mmene ndinalembera bwino zilembozo kuti asavutike kuwerenga.

Sindinaganize kuti wolowa m'dzina la mwini amapeza zonse zimene mwiniyo anasiya. Ndinazidziwa patapita mwezi, pa misa yokumbukira malemu. Titatuluka alamu anandikokera pambali, nkhope ili ngwee, n'kundigwira paphewa.

"Alamu, munda uja anausiya ndinaupeza. Chimanga chinali chitatsala masiku awiri okha. Ndamukololera chonse, nkhokwe zonse ziwiri zadzaza. Anali mlimi ndithu mnzathu uja."

Anaima n'kumadikira kuti ndithokoze. Atsibweni anali pomwepo, amayi anali pomwepo, mlongo wanga anali kumbuyo kwawo atanyamula chikwama cha amuna ake. Ndinawomba m'manja kawiri monga amachitira munthu wolandira chithandizo, ndipo ndinati zikomo.