Phazi la Tsekwe pa Linga la Rocalbès

A Firmin Cazalou agwira ntchito ya miyala ku Rocalbès kuno kwa zaka 52, koma sanamangepo nyumba yatsopano ndi imodzi yomwe. Yawo ndi yobwezera zomwe zagwa. Mudzi wathuwu uli pamwamba pa thanthwe, mkati mwa linga lomwe linamangidwa zaka mazana asanu ndi awiri zapitazo, ndipo chisanu chikadutsa sipalephera kupezeka mwala womwe watopa n'kugubudukira m'dimba la munthu. Zikatero a meya amangotumiza mawu. A Firmin amatulukira ndi wilibala, nyundo ndi tchizulo, n'kuyamba atukwana kaye yemwe anapaka simenti pamalopo. Simenti amadana nayo koopsa. Amati imautsekera mwala mpweya, ndiye iwo ndi laimu ndi mchenga basi.

Ndi bambo wamfupi, wa mapewa otakata, ndipo sathamangira ntchito ngakhale mutawaimirira pamsana. Ana awo awiri ali mumzinda wa Toulouse, palibe amene anaifuna nyundo, koma iwo sadandaula. Belu la masana likalira amatsika pa makwerero n'kukadya msuzi wa kabichi wa akazi awo, a Marinette. Msuziwo ukatsala pang'ono amathiramo vinyo n'kupapira m'mbale momwemo, kenako amapukuta ndevu n'kunena kuti moyo ndi womwewu.

Chaka chatha kunabwera mtsikana wa ku yunivesite, dzina lake Solène, kudzafufuza zizindikiro zomwe amisiri akale ankagoba pa miyala imene asema. Aliyense anali ndi chake, wina mtanda, wina muvi, wina nyenyezi. Mtsikanayo anatha milungu itatu akukwawa m'mbali mwa linga ndi choko ndi kope, mawondo atachita kuyera ndi fumbi, mpaka agalu a m'mudzi anasiya kumuuwa.

Lachisanu lina anatiitana tonse ku holo. Anajambula pa bolodi mizere itatu yokumana pansi, ngati phazi la tsekwe.

"Chizindikiro ichi ndachipeza pa miyala 64," anatero Solène. "Dzina la mwini wake sitilidziwa, koma dzanja lake ndi losiyana ndi la anzake onse. Miyala yake imakumana moti simungalowetse ndi mpeni womwe. Mudzi uno unali ndi katswiri, ndipo wakhala woiwalika zaka mazana asanu ndi awiri."

Ananenanso kuti buku lake la mayeso omaliza litsamira pa mmisiri ameneyu, ndipo mu Seputembala pachipata padzakhomedwa chikwangwani chomukumbukira. Tinawomba m'manja. A Firmin anawomba nawo, makutu atafiira ngati phwetekere. A Marinette anawatsina pantchafu.

Atangolowa m'nyumba, mayiwo anayamba.

"Ndiye munafa liti inu, osandiuza? Zaka zonsezi ndakhala ndikuphikira maliro ine?"

"Tatsitsani mawu mayi, zenera lili pululu."

"Mukamuuze mwana wa eni ake uja."

"Ndikamuuze chiyani? Wanama pati? Wati dzanja labwino. Si labwino?"

"Labwino ndithu. Koma ndi lomweli likunyema buledi wanga panoli."

Nkhani yake inali yotere. Ali ndi zaka 17, akuphunzira kumene ntchito, a Firmin anapeza phazi la tsekwelo pa mwala womwe unagwa kuchokera pa nsanja ya linga. Linawasangalatsa, ndipo kuyambira pamenepo ankaligoba pakona ya mwala uliwonse womwe asema okha. Akamaliza ankapaka mwalawo matope osakaniza ndi ndowe, monga amachitira amisiri kuti mwala watsopano usamathobwe m'maso pakati pa akale. Mvula ndi ndere zinamaliza zotsalazo. Ankadziwa zimenezi ndi a Marinette okha.

Kwa mlungu wathunthu a Firmin anatseka pakamwa, ndipo tisabise, anasangalala kwabasi. Zaka zonsezi mawu omwe ankamva kwa ife anali akuti amachedwa, akuti wilibala yawo yatseka njira. Lero anthu omwewo ankaima pa linga manja ali kumbuyo, n'kumapukusa mitu kuti amisiri otere kulibenso. Wophika buledi anayamba kudinda phazi la tsekwe pa mikate yake. A Firmin ankagula iwiriiwiri. Ankadutsa pachipata kanayi pa tsiku popanda chokatenga, kungofuna kumva alendo akuyamikira wakufayo. A Marinette nawo anangosiya kuwatchula dzina, m'mawa uliwonse ankawafunsa kuti kumanda kwacha bwanji.

Chinawasokoneza ndi Solène mwini wake. Anabwera kudzabwereka makwerero, chimwemwe chili tayale.

"Bambo Firmin, aphunzitsi anga akubwera Lolemba kudzaona okha. Mayi anga ndawauza kale, akuti adzabwera tsiku la chikwangwanilo. Kwathu ndine woyamba kufika ku yunivesite, ndiye mudziwa mmene alili."

A Firmin anamunyamulira makwererowo mpaka pa nsanja. Anadziwa kuti tsiku lina wina adzakanda pakati pa miyala iwiri n'kupeza laimu wa dzana. Tsiku limenelo wosekedwa sadzakhala iwo. Adzakhala mtsikanayo, buku lake lili kale m'manja mwa anthu. Masana amenewo msuzi anausiya theka, vinyo osathira. A Marinette anangochotsa mbale.

M'mawa mwake a Firmin anamupeza Solène kumpoto kwa linga. Anatsitsa chibenthu cha mwala pa wilibala, anachiika pansi, n'kugunda tchizulo katatu. Anapemerera fumbi n'kumusonyeza mizere itatu ija.

Mtsikanayo anayang'ana mwalawo, anayang'ana linga, kenako anakhala pansi pa udzu wonyowa.

"Bambo Firmin, musandiuze kuti..."

"Ndine, mwanangu. Malemu aja ndi ine."

"Mayi anga ine! Ndiye munali phee mu holo muja? Mpaka kuwomba m'manja?"

"Nanga ndikanatani? Sanandiwomberepo chibadwire. Ndalakwa, ndikanayenera kukuuza tsiku lomwelo."

Solène anabisa nkhope m'manja nthawi yaitali. A Firmin anavula chipewa n'kumachipinda, manyazi atawagwira zenizeni. Kenako mtsikanayo anafunsa ndi mawu otsika ngati miyala yonse 64 inali yawo.

"Ayi, yonse bwanji! Chizindikirocho ndinachita kuba kwa mwini wake. Analipo ndithu munthuyo, ndipo ankaidziwa ntchito."

Apo mtsikanayo anadzuka, anasasa buluku lake, n'kutulutsa choko cha mitundu iwiri m'thumba. Choyera chikhala cha a Firmin, chofiira cha wakaleyo. Anati ngati mmisiri ndi mmodzi, buku lafa, koma ngati ndi awiri ogwiritsa chizindikiro chimodzi, wina kuphunzira kwa mnzake yemwe sanamuonepo, aphunzitsi ake abwere ndithu Lolembalo. Chokhacho, asadzamunamizenso.

Anayenda masiku awiri kuzungulira linga. A Firmin ankaudziwa mwala uliwonse ngati mbuzi za m'khola mwawo. Uwu anauika chaka chomwe mwana wawo wamkazi anabadwa. Uwo ndi wa chaka chomwe chisanu chinapha mipesa yonse ya kumunsi. Winawo anausema dzino likuwawa, n'chifukwa chake ngodya yake ndi yaukali. Akafika pa wa mmisiri wakale ankatsitsa mawu, n'kumuonetsa Solène mmene munthuyo ankapendekera tchizulo. A Marinette ankawabweretsera buledi ndi tchizi, n'kumauza aliyense wodutsa kuti amuna awo auka kwa akufa. Pofika Lamlungu madzulo mudzi wonse unali utamva, ndipo anthu anayambiranso kunena kuti a Firmin amachedwa. Miyala ya choko choyera inakwana 41, ya chofiira 22.

Unatsala umodzi, wa pachipata chachikulu kudzanja lamanja, wofika m'phewa. A Firmin anauyang'ana atavala magalasi, anauyang'ananso atavula. Anayendetsa chala m'mizere itatu ija. Anakanda laimu wa m'mbali ndi chikhadabo n'kumununkhiza. Chipatacho anachikonzapo kawiri ali mnyamata, koma mbali ina sanaikhudze, ndipo malire ake anali atafufutika.

Solène anadikira, choko choyera kudzanja lina, chofiira kudzanja lina.

"Nanga uwu, bambo? Wanu kapena wake?"

A Firmin anasisitanso mwalawo ndi chikhatho chonse. Anayamba kuseka, koma m'maso munali mutalengeza misozi.

"Sindikudziwa, mwanangu," anatero. "Zoonadi sindikudziwa."

Mtsikanayo anabwezera choko chonse m'thumba.